Kuonetsa Achimwene Nkhope ya Mkamwini

Lolemba

Sikirini yafika. Ndabwereka kwa a Nachanza, amene anatseka kashopu kawo kotayipira makalata pa Boma. Wakabaza waibweretsa yokulunga m'chitenje ngati mwana wodwala. Ndaiyeza ndi tepi yanga yosokera: ikuposa ya laputopu kawiri ndi theka.

Loweruka achimwene a Fabiyano akubwera kuchokera kwa Jenala kudzaona Dalitso, mnyamata wofuna kukwatira Thoko wanga. Thoko ndi Dalitso ali ku Joni, ndipo amalume a mnyamatayo ali komweko. Achimwene ndiwo ankhoswe a Thoko. Mawu awo sanasinthe chiyambire: "Sindivomera munthu amene sindinamuone nkhope." Maso awo ali ndi ng'ala. Pafoni akuti amangoona nyemba ikugwedezeka.

Achimwene sakudziwa kuti Thoko ndi woyembekezera. Mwezi wachitatu. Odziwa tilipo atatu. Akavomera Loweruka, awiriwo adalitsa ukwati komweko mwezi wamawa, zonse zitha mwaulemu. Akapanda kuvomera, nkhaniyi idzakambidwa ndi mawu ena, ndipo amayi a kumpingo adzaimva ine ndisanatsegule pakamwa.

Ndayala zonse pabalaza. Kabokosi ka intaneti kali pamalo ake a masiku onse, pawindo la kuchipinda kwanga.

Laputopu yokha: timizere ta wayifayi tinayi.
Ndalumikiza chingwe cha sikirini: kamzere kamodzi.
Ndazula: tinayi.
Ndalumikizanso: kamodzi.

Ndabwereza kasanu. Sizikusintha.

Lachiwiri

Lamulo limene ndinkaphunzitsa ana a Fomu 3 ndi ili: sintha chinthu chimodzi, zina zonse usazikhudze. Zimene ndikuzikayikira:

1. bandulo
2. magetsi
3. chingwe
4. sikirini yeniyeniyo
5. malata a nyumba
6. ine

Ndayamba ndi bandulo. Ndagula ina ngakhale yakale isanathe. Kamzere kamodzi. Bandulo ilibe mlandu.

Magetsi: ndasintha soketi, ndachotsa fuliji, ndazimitsa wailesi. Kamodzi.

Masana ndaimbira Thoko sikirini ili yolumikiza. Waoneka wamkulu bwino, kenaka wauma pakamwa pali yasa, dzanja lili m'mwamba. Mawu akubwera ngati munthu akulankhulira m'chidebe. "Ama... chotsa... ngwecho." Ndazula. Wayamba kuyenda, koma wachepa.

Ndafuna kudziwa ngati achimwene angathe kuona pa laputopu yokha. Ndavula magalasi anga, ndapaka mafuta odzola pang'ono pa magalasi akale a malemu bambo a Thoko, ndavala, ndakhala pampando umene achimwene amakhalapo. Pa laputopu, Thoko ndi chinthu chofiirira chovala chinthu choyera. Pa sikirini yaikulu ndikuona mphuno, ndikuona maso. Ndiye sikirini yaikulu ndi yofunika basi.

Ndamuuza Thoko kuti Loweruka kamera ionetse kuyambira m'mapewa kupita m'mwamba. Akuti, "Amayi, sinayambe kuoneka." Ndamuyankha kuti azakhali ake, akazi a achimwene, alibe ng'ala.

Lachitatu

Thoko watumiza uthenga wa mawu. Dalitso wafufuza: akuti zingwe zina za sikirini zimatulutsa phokoso losamveka ndi khutu, ndipo phokosolo limagonthetsa laputopu kuti isamve kabokosi. Mankhwala ake ndi awiri. Kusintha chingwe, kapena kuyandikitsa kabokosi.

Lero ndi la chingwe. Ndapita kumsika. Mashopu ogulitsa za mafoni ndazungulira onse, chingwe cha mtunduwu chapezeka m'shopu imodzi yokha, chili pamsomali pamodzi ndi malamba a njinga. Wogulitsa akuti, "Ichi ndi orijinolo, amayi, sichilakwa." Ndafika nacho kunyumba. Sikirini yabiriwira yonse, ndipo timizere tathawiratu, osatsala ndi kamodzi komwe. Ndabwerera ku chingwe cha a Nachanza.

Ndaganiza: ngati phokoso likutuluka m'chingwe, nditseke. Ndakulunga chingwe chonse ndi pepala lonyezimira lija ndimaphimbira keke. Timizere tiwiri!  Ndangosuntha mpando, kamodzi.

Ndayesanso izi, chimodzichimodzi:
kuika laputopu kumanja kwa sikirini: kamodzi
kumanzere: tiwiri, kenaka kamodzi
pamwamba pa mabuku a nyimbo: tiwiri
pamwamba pa kabati: titatu, koma kamera ikuonetsa denga

A Nachanza abwera kudzaona katundu wawo. Ayang'ana chingwe chonyezimira nthawi yaitali. "Kodi mwayamba kale kukongoletsa za ukwati?" Potuluka andifunsa chifukwa chimene ukwatiwu ukuthamangira chonchi. Ndayankha kuti holo ku Joni imavuta kupeza. Angoti, "Oho." Sindinakonde "oho" ameneyo.

Lachinayi

Lero ndi la kabokosi. Ndakachotsa pawindo la kuchipinda, ndakaika pambali pa laputopu. Sikirini yolumikiza, timizere tinayi tonse. Ndayamba kuthokoza Mulungu. Ndaimba. Foni sikupita kwa Thoko.

Ndayang'ana kabokosi: kanyali kake kafiira. Kakumvana ndi laputopu bwinobwino, koma kalibe choiuza, chifukwa pabalaza sikagwira netiweki. Mawindo a pabalaza ayang'ana kuphiri la Michesi. Windo la kuchipinda lokha ndilo layang'ana kumsika kumene kuli nsanja.

Ndiye timizere tili mitundu iwiri, ndipo ukakondweretsa tina, tina tikwiya.

Ndayenda nako kabokosi nyumba yonse. Pakhomo la chipinda kanyali kakuphethira. M'khonde la mkati kafiira. Kukhitchini kafiira. Pakhonde lakunja kabiriwira ndikakweza dzanja, kafiira ndikatsitsa. Sindingaime dzanja lili m'mwamba pamaso pa ankhoswe.

Ndatenga nsungwi yoyanikira zovala. Ndaika kabokosi m'sokosi, ndamanga sokosi kunsonga, ndaimika nsungwi kunja kwa windo la pabalaza kuti ipitirire denga. Kanyali sindikukaona, koma foni yapita. Timizere titatu. Thoko waoneka wamkulu ndipo akuyenda. Wafika ponena kuti, "Amayi, apa ndiye zili..." Mphepo ya mwezi uno sinamulole kumaliza. Nsungwi yagwera m'nandolo wanga. Kabokosi kang'aluka pakona, koma kakuyaka.

Magetsi azima kuyambira masana. Laputopu ili ndi batire, kabokosi kali ndi batire, sikirini ilibe. Ndawonjezera pa zoopa.

Sindinadye bwino. Mutu ukugunda.

Lachisanu

Ngati kabokosi sikangabwere kwa laputopu, laputopu ipite kwa kabokosi. Ndanyamula zonse kupita kuchipinda. Sikirini pa tebulo la galasi lodziyang'anira, laputopu pampando, kabokosi pawindo pake. Timizere tinayi. Kanyali kobiriwira. Ndaimba.

Thoko ngati ali m'nyumba muno. Ndawerenga mabatani a bulawuzi yake. Masaya akula, wina aliyense wobereka angazindikire, ndamuuza akhale chakumbuyo kwa Dalitso. Tacheza mpaka tiyi wazizira, sanaume ndi kamodzi komwe. Dalitso wabwera kudzapereka moni, wagwada, maso pansi. Mwana wabwino. Nkhope yake ndi yotakata, achimwene aiona.

Ndaimbira achimwene kuwauza kuti zatheka, kungoti tikhalira kuchipinda.

Akuti, "Chemwali, mwati chiyani? Ine ndilowe kuchipinda kwa mlongo wanga? Ndi anthu a eni akuona bedi lanu kumbuyo kwanga?"

Ndafotokoza za nsanja, za chingwe, za phokoso losamveka. Akuti, "Phokoso losamveka si phokoso. Nkhani ya ukwati timakambira pabalaza."

Ndapereka maganizo ena: ndiyang'anitse sikirini kunja kudzera pawindo, iwo akhale panja pampando. Windolo lili kuseri, moyandikana ndi bafa. "Ndivale jekete kuchokera kwa Jenala kuti ndidzasuzumire pawindo la kuchipinda ngati wakuba?" Adula foni.

Ndaganiza zosandutsa chipinda kukhala balaza. Kutulutsa bedi, kulowetsa mipando, kupachika kalendala. Ndayeza bedi, ndayeza chitseko. Bedi likuposa chitseko ndi chikhatho chathunthu. Bambo a Thoko analikhomera m'kati momwemo, ndi misomali yaitali, akunena kuti silidzasowa kutuluka. Ndayesa kulipendeketsa ndekha. Msana wandichenjeza.

Ndabwezera zonse pabalaza, kabokosi kokha katsala pawindo pake. Laputopu kumanzere, pa mabuku a nyimbo, chingwe chokulunga, chitseko cha chipinda chotsegula pang'ono. Timizere tiwiri. Ndaika chizindikiro cha choko pansi pa mwendo uliwonse wa tebulo. Pasapezeke wosuntha kanthu.

Kalongonda ali pamoto, nyemba zimene achimwene amazikonda. Mwina afewetsa mtima.

Loweruka

Magetsi alipo. Achimwene afika ndi alamu, akazi awo aja, makabaza awiri, fumbi mpaka m'nsidze. Chinthu choyamba, alamu atseka chitseko cha chipinda. "Alendo asamaone m'kati." Ndatsegula iwo atapita kukasamba m'manja. Atsekanso pobwera. Kamzere kamodzi, nthawi zina tiwiri.

Taimba foni. Amalume a Dalitso aoneka, a imvi, a tayi. Moni wayenda bwino, wodukaduka koma wafika. Achimwene asendera kutsogolo. "Eya, awa ndikuwaona." Mtima wanga watsika pang'ono. Thoko ali kumbuyo, mapewa okha.

Dalitso wabwera, wagwada, mutu pansi. Achimwene akuti, "Dzutsa nkhope ndikuone." Wadzutsa. Pomwepo wauma.

Nkhope yadzaza sikirini yonse. Maso ali tong'o, kuyang'ana achimwene m'maso mwenimweni, osaphethira. Mlomo wapindikira mbali imodzi.

"Kwanu n'kuti, mnyamata?" Zii.
"Umagwira ntchito yanji?" Zii. Maso ali pomwepo.

Ndanena kuti ndi netiweki. Achimwene akuti, "Chemwali, lero ndikuona bwino kwambiri." Alamu anong'ona, koma tonse tamva: "Munthu wamkulu amamuyang'ana choncho?"

Ndadikira. Ndakhudza pepala lonyezimira. Ndapita kukatsegula chitseko, alamu andiyang'ana, ndatsegulabe. Dalitso sakuphethira. Ndazula chingwe.

Sikirini yaikulu yada. Pa laputopu zonse zayamba kuyenda, ndipo mawu abwerera pa nthawi yoipa: kumeneko akuseka onse, Dalitso ndiye kwambiri. Thoko wandiuza pambuyo pake kuti kwa iwo achimwene ndiwo anauma, chala chili m'mwamba, ndipo amalume a Dalitso ananena kanthabwala kuti mnyamata asanjenjemere. Achimwene sanamve kanthabwalako. Amva kuseka kokha, kuchokera kwa anthu amene sakuwaonanso.

Amalume a Dalitso apepesa kawiri. Dalitso wapepesa katatu. Ndapempha kuti tiyesenso. Ndalumikiza. Wauma ali chogwada, khutu lokha likuoneka.

Achimwene aimirira, akonza jekete. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. "Mwina ndi makina, mwina ndi khalidwe. Ine pano sindingasiyanitse, ndipo mwana wa mlongo wanga sindimupereka mongoganizira. Pa Khirisimasi abwere onse awiri ndi miyendo yawo. Akhale pamkeka apa, ndimuone akuphethira."

Thoko wati, "Amalume, chonde." Alamu asendera pafupi ndi laputopu, ayang'anitsitsa, kenaka ayang'ana ine. 

Kalongonda adya mbale ziwiri. Maganizo sanasinthe.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. A Nachanza andifunsa panja kuti zayenda bwanji. Ndati tasuntha tsiku. "Holo ija yapezeka yodzaza?" Ndati eya. Sikirini yawo ndibweza mawa, ndachotsa kale pepala lonyezimira.

Ndaimbira Thoko ndili kuchipinda, laputopu yokha. Walira, kenaka wasiya. Akuti mwina angodalitsa ukwati komweko osauza amalume. Ndamuletsa. Banja lopanda ankhoswe likadzagwedezeka, adzathamangira kwa yani? Dalitso akuti ayamba kusunga ya basi, ndipo akufunsa ngati achimwene amakonda chipewa kapena nsapato. Ndati abweretse zonse ziwiri.

Ndaganiza zopita kwa Jenala mkati mwa sabata kukanena zoona ndekha. Ndaganizanso zosapita. Alamu ndikukhulupirira afika kale kunyumba ndi nkhani yawo, ndiye mwina ulendowo ndi wongotaya nthawi.

Ndawerenga pa zala, kawiri. Pa Khirisimasi Thoko adzakhala ndi miyezi isanu ndi iwiri. Adzatsika minibasi pa Boma masana, msika uli wodzaza, n'kudzakhala pamkeka pamaso pa amalume ake.

Pamenepo achimwene sadzafuna sikirini.