Masilipasi Obiriwira a Injiniya

Pulani inabadwira kuseri kwa shopu ya matayala, botolo la kachasu wa nzimbe lili pakati. Mwini pulani anali Sarjono, amene mzinda wa Solo unkamutcha Injiniya chifukwa anakonzapo wailesi ina mpaka inasiyiratu kulankhula.

"Tamverani, madolo," anatero. "Mawa ndi Idi. Haji Mulyadi wapita kumudzi, mbalame yake yopambana mipikisano ija yatsala yokha. Tivale zatsopano, tilowe masanasana ngati alendo odzapepesana ndi mwininyumba. Ndani angafunse mlendo pa Idi?"

"Nanga olondera aja?" anafunsa Gimin Chimimba, akunyambita kapu. "Akuti nyumba iliyonse yopanda anthu aidziwitsa kupolisi."

"Amenewo ndi akadzidzi, amayenda usiku," anayankha Tarno Mphepo, katswiri wothawa asanathamangitsidwe.

Injiniya anaseka nawo, koma panali vuto. Mkulu wa olondera m'dera lawo anali Bu Wartini, mayi a Lastri, chibwenzi chake. Mbalameyo ankaifuna kuti aigulitse achititse ukwati wa bandi. Mayiwo anali atamulola monyinyirika, n'kumugulira masilipasi a Idi obiriwira ngati chule, ndi mawu pamwamba: "Sarjono, ndikangomva kafungo ka umbava, Lastri umuiwale."

Mawa lake masana, loko wa Haji sanavute. Anavuta ndi matailosi. Ankawala ngati mbale, ndipo akuluakulu atatuwa, ngakhale anali mbava, anabadwa kwa anthu. Kuponda m'nyumba ya eni ndi nsapato? Mayi ako angadzuke kumanda. Anavula masilipasi awo, n'kuwandandalika bwinobwino pakhomo. Chimimba mpaka anaodira.

Mbalame ili m'manja, Chimimba ali m'chitini cha mabisiketi, anamva mawu a Bu Wartini panja.

"Pak Hendro, nyumba yopanda anthu imabala masilipasi?"

Zimene Injiniya sanaziganize n'zakuti mbalame imadya. Haji anasiyira olondera kiyi, ndipo masana alionse Bu Wartini ankabwera kudzaipatsa chakudya limodzi ndi Pak Hendro, wapolisi wa m'deralo.

Madolo anatulukira pawindo lakumbuyo. Njira inali yoyera, munda wa nthochi uli apo. Mphepo anali atakweza kale mwendo.

"Masilipasi anga," ananong'ona Injiniya, thukuta lili kamukamu. "Akawazindikira ndatha."

"Anganso ndi atsopano, achimwene," anadandaula Chimimba.

Mphepo anatsitsa mwendo. Ake anali obwereka.

Anazungulira nyumba mokwawa, mmodzi pambuyo pa mnzake. Injiniya atatambasula dzanja pakona, anagwira nsapato yakuda yopolishidwa, mwendo wa boma uli momwemo. Bu Wartini anali ataguguda kale nsungwi yoitanira anthu, ndipo dera lonse linali litaima pamsewu, ena mbale za mpunga zili kumanja.

"Takulandirani," anatero Pak Hendro mwaulemu. "Khola la mbalamelo muike pansi pang'onopang'ono."

Bu Wartini anali atanyamula masilipasi obiriwira aja ndi zala ziwiri. Injiniya anagwada, n'kupsompsona dzanja lawo monga amachitira ana pa Idi. Misozi inali yeniyeni, pakuti ankamukondadi Lastri.

"Bu, lero ndi tsiku lokhululukirana. Zolakwa zanga zonse, zooneka ndi zobisika..."

"Ndakukhululukira ndi mtima wonse, mwananga," anatero mayiwo, akumusisita kumutu. Kenaka anayang'ana mapazi a wapolisi uja. "Pak Hendro, paja inu simunakwatire? Mumavala saizi yanji?"

Injiniya anapita kupolisi wosavala nsapato, phula likuwotcha.