Bezi Yamapazi ndi Apongozi a ku Edingeni

Mukadzabwera kwathu kuno ku Mzimba boma n'kuona nkhuku zitandandalika pa kanthu kooneka ngati nthiti za ng'ombe kuseri kwa khitchini, chonde musafunse. Mkazi wanga, NyaNdhlovu, amangodikira munthu wofunsa kuti ayambe nkhani, ndipo amaifotokoza moipa kwambiri, mchere wake wochita kuthira ndi dzanja. Ndiye bola ndikuuzeni ndekha, mwina mungandimvereko chisoni.

Ine ntchito yanga ndi yometa anthu, koma mtima wanga uli ku nyimbo za roko, zija gitala imalira ngati akucheka malata. Tinali ndi bandi ya anthu atatu: ine pa gitala ndi kuimba, Mzondi pa ng'oma, ndi mlamu wanga Gomezgani, mlongo wake wa mkazi wanga, pa bezi, gitala ija ya mawu akunsi. Roko kuno sadyera, choncho tinkaimba m'maukwati nyimbo zimene anthu amakonda, ine n'kumabako pang'ono pakati pa nyimbo kulizitsa gitala mpaka amayi a kutchalitchi ayambe kundiyang'ana cham'mbali.

Vuto linali Gome. Bezi amaitha munthu ameneyo, sindingakane, ngakhale dzanja likuwawa polemba zimenezi. Ine ndikhetse thukuta, ndigwade pansi, gitala ndiiike kumbuyo kwa khosi, anthu ali phee. Iye angogwedeza zala ziwiri, du-du-du, ataima njo ngati mtengo wamagetsi, bwalo lonse liyambe kutekeseka. Pomaliza anthu n'kumandifunsa ine, mwini bandi, kuti wa bezi uja dzina lake ndani. Nsanje inandidya, ndivomere. Tsiku lina tikuyeserera nyimbo anandiuza kuti ndikuthamanga, ndipo ndinapsa mtima n'kumuuza pamaso pa Mzondi kuti bezi si ntchito, tizingwe tinayi tokha, ine ndikhoza kuiimba ndi mapazi manja ali pa gitala.

Sanakalipe. Anakulunga chingwe chake bwinobwino n'kuika bezi m'thumba.

"Mbwenu imbani ndi mapazi, mlamu," anatero. "Ine ndidzabwera kudzaonera."

Apa mudziwe kuti kunali kutatsala milungu isanu kuti mng'ono wake wa mkazi wanga akwatiwe kumudzi kwawo ku Edingeni, ndipo ine ndinali nditalonjeza kale apongozi kuti za nyimbo asadandaule, asafunenso bandi ina. Mkweni (ndi mmene amatitchulira akamwini kuno) akalonjeza kwa apongozi, walonjeza. Njira zinali ziwiri: kukapepesa kwa Gome, kapena kupeza bezi yoimba ndi mapazi. NyaNdhlovu anati pepani ndi liwu limodzi ndipo salipiritsa msonkho. Ine ndinasankha njira yaitali.

Musaganize kuti ndinkabwebweta, chinthucho chilipodi. Ndinali nditachiona pa foni: mzungu wa tsitsi lofika m'chiuno, manja ali pa gitala, phazi likuponda timatabwa tondondozana pansi, ndipo akangoponda kamodzi sipika inkabangula. Ndinaonera kavidiyo kameneko mpaka kasitomala wina anadzuka pampando atametedwa mbali imodzi n'kunena kuti abweranso ndikachira.

Kusaka kunayambira ku Joni (munthu wa ku Mzimba wopanda m'bale ku Joni ndiye kuti ndi mlendo). Msuweni wanga anazungulira masitolo a zoimbira atanyamula chithunzi, kenako anandiimbira kundiuza mtengo. Ndinamufunsa ngati akunena chinthu chomwecho kapena galimoto. Ndinakwera basi kupita ku Mzuzu. Kumeneko wogulitsa wina anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kuyang'ana miyendo yanga, n'kufunsa ngati ndi cholimbitsira thupi. Ndinabwerera ndi fumbi lokha, milungu itatsala inayi.

Amene anandithandiza (kapena kundipweteka, muona nokha) ndi Che Amidu, wokonza mawailesi mumsika, munthu wodziwa chilichonse chokhala ndi waya m'boma lino. Atangoona chithunzi anaseka n'kunena kuti zimenezo si zachilendo, ndi miyendo ya limba lamagetsi la kutchalitchi. Anati anaitanidwapo kukaona limba lotere pa katchalitchi kena kupitirira Champhira, limene azungu anasiya kalekale. Kumtunda kwake makoswe anamaliza, koma kunsi, kumene kuli mapedulo khumi ndi atatu, timatabwa toponda tija, kunali kukupumabe. Ndinachita manyazi pang'ono kuti Msilamu akudziwa za m'matchalitchi kuposa ine wobatizidwa.

Tinapita pa njinga yamoto, iye atanyamula sowo. Mkulu wa mpingo anatitsegulira kachipinda kosungira mabenchi othyoka, ndipo limba lija tinalipeza pansi pa matumba a fetereza, likununkha makoswe. Mkuluyo anasangalala kuti wina akuchotsa, anangopempha makina anga akale ometera kuti akwaya aziwoneka ngati anthu. Che Amidu anadula limbalo pakati pomwepo, tinamanga gawo lakunsi pa njinga, ndipo njira yonse anthu ankatifunsa kuti geti limeneli likupita kwa ndani.

Patatha sabata, Che Amidu anali atalumikiza mawaya, ataika kabokosi ndi chingwe chopita ku sipika. Nditaponda koyamba, vuuu, mashelefu a mawailesi ananjenjemera, ndipo ine misozi inalengeza. Koma iye anandigwira phewa.

"Achimwene, ichi n'chokalamba. Chinazolowera phazi la dona wa ku mishoni. Muziponda ngati mukudutsa pamene pagona khanda. Mukachimenya, waya wamkati akakamira, ndipo sichidzasiyanso kulira."

Ndinavomera ndi mutu, koma maganizo anali kale pa nkhope ya Gome.

Kuphunzira kwake sikunali masewera. Nsapato zanga zinkaponda mapedulo awiri nthawi imodzi, ndiye ndinayamba kuimba wopanda nsapato. Manja azichita zawo, pakamwa pazichita zake, phazi nalo lizichita zake, zonsezo mutu umodzi womwewu wometera anthu. Pa milungu itatu ndinadziwa mapedulo anayi, enawo anali okongoletsa. Mzondi anati zikumveka ngati ng'ombe yodwala koma yoyenda, ndipo ine ndinatenga mawuwo ngati chiyamikiro. NyaNdhlovu ankangotuluka panja ndi foni kawirikawiri (ndinkaganiza kuti akukambirana za madiresi a operekeza).

Tsiku linafika. Ku Edingeni kunali anthu ngati kumsika, ng'ombe itagwa, tenti atakoka, jenereta ikulira kuseri kwa nkhokwe. Gome anakhala pa benchi yakutsogolo, suti atamenya, manja atapinda pachifuwa ngati mlendo wolemekezeka. Ine ndinayala mapedulo anga pa mkeka, ndinakonza tayi, kenako ndinavula nsapato ndi masokosi n'kuziika pambali.

Ndipo abale anga, zinatheka. Nyimbo yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsa, anthu anayamba kudzuka kudzaona mwamuna woimba ndi thupi lonse. Ndinayang'ana Gome n'kukweza nsidze. Pamenepo ndi pamene mdyerekezi anandilowa. Ndinakweza sipika mpaka kumapeto, ndipo m'malo moponda mwakachetechete, ndinayamba kutukula bondo m'mwamba, kuliimitsa pang'ono kuti aliyense aone, n'kutsitsa phazi mofewa. Phazi linkatera ngati la mphaka, koma sipika inkagunda ngati mvula ya mu Disembala.

Chimene ndinaiwala, ine mwana wobadwira m'boma lomwe lino, ndi ichi. Ku Edingeni mwamuna akavula nsapato pabwalo n'kuyamba kutukula bondo, palibe amene amaganiza za roko. Amaganiza za ingoma. Gule ameneyu saimbira ng'oma: amayi amaomba m'manja, amuna amaponda nthaka mpaka igunde, ndipo mwamuna amalemekezedwa malinga ndi kugunda kwa phazi lake. Pansi pa mtengo panali madoda a ingoma atavala kale zikopa, zishango m'manja, akudikira nthawi yawo. Anthu amenewa anali kumva kaphazi kamodzi ka wometa kakugunda kuposa iwo onse pamodzi.

Anadzuka a Ndhlovu aakulu, mkulu wawo wa apongozi anga, bambo wa imvi amene phazi lake limadziwika mpaka ku Euthini. Anabwera pang'onopang'ono, mangenjeza akulira m'miyendo, n'kuima kutsogolo kwanga. Mzondi anasiya kuimba. Mkuluyo anayang'ana mapedulo, anayang'ana mapazi anga, n'kupukusa mutu.

"Mkweni, phazi limenelo silingagunde choncho. Ndalionetsetsa, ndi la munthu wa pa simenti. Tasuntha, ndiyeseko ine."

Inu a kumwera mwina mukuti bwanji sunakane. Kuno mkweni sakaniza apongozi, ngakhale kuwayang'ana m'maso sayerekeza. Anakupatsa mwana wawo, iwe ukawamane timatabwa? Ndinanjuta pansi, gitala ili pamimba, n'kuomba m'manja.

"Yewo, adada. Koma ndapota, pang'onopang'ono."

Poyamba mkuluyo anangokhudza pedulo ndi chala chachikulu cha kuphazi chokha. Vuuu. Anabwerera m'mbuyo, anaseka, n'kucheukira anzawo. Amayi anayamba kuomba m'manja, wina anaimba nthungululu, madoda aja anayambitsa nyimbo yawo yakukhosi. Ndinaona nkhope ya mkuluyo ikusintha, zaka makumi atatu zikuchokapo. Anabwerera mapazi atatu, anakweza chishango, anatukula bondo mpaka kufika pachifuwa. Chidendene chake ndinachiona bwinobwino, chong'ambika ngati dambo la m'chilimwe. Ndinatseka maso n'kukumbukira dona wa ku mishoni.

Phazi linatera. Mapedulo awiri anathyoka pomwepo, limodzi linauluka n'kukagwera pafupi ndi keke. Koma pedulo lalikulu, la mawu akunsi kwambiri, linalowa pansi osabwereranso, ndipo sipika inayamba kubangula mosalekeza monga ananenera Che Amidu. Mbale zinanjenjemera pa matebulo, ng'ombe zinayankha m'khola, mkwatibwi anatseka makutu ndi magolovesi ake oyera. A Ndhlovu aakulu anaima chilili, chifuwa patsogolo, akuyesa kuti nthaka ikulirabe chifukwa cha phazi lawo, ndipo kumbuyo kwawo madoda ena anali atayamba kale kufola. Ine ndinakwawa ndi suti yanga kufunafuna chingwe. Ndinazula choyamba, maikolofoni inazima. Ndinazula chachiwiri, gitala inazima. Chinthucho chikulirabe. Mzondi ndi amene anathamanga kukazimitsa jenereta.

Kubangula kunatha, panangotsala kafungo ka waya wopsa. Apongozi anga enieni, bambo a mkwatibwi, anandikodola ndi chala. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangonena motsitsa mawu kuti ana akudikira kuvina, alendo a kuchimuna achokera kutali, ndiye nyimbo zija ndinalonjeza zili kuti. Ndinayang'ana gitala yanga ndi ng'oma za Mzondi. Popanda bezi, zimenezo ndi ndiwo zopanda mchere, palibe amene angadzuke pampando. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

NyaNdhlovu anafika pambali panga, akukonza duku ngati palibe chachitika. Anandinong'oneza kuti bezi ya Gome ili m'nyumba kuseri kwa chitseko, inabwera dzulo pa lole ya mipando, ataikulunga yekha m'chitenje. (Ndiye madiresi a operekeza aja.) Anawonjezera kuti liwu lija lakuti pepani silinakwerebe mtengo.

Ndinadutsa bwalo lonse wopanda nsapato, minga ikundibaya, anthu akundipatsa njira. Ndinanjuta kutsogolo kwa mlamu wanga n'kunena kuti ndinalakwa. Gome anaika dzanja kukhutu. Anati pepani mlamu, makutu atsekeka ndi bezi yamapazi ija, sakumva bwino, mwina nditanenera pa maikolofoni. Mzondi, Yudasi ameneyo, anali atazula chingwe cha mapedulo, atalumikizanso zina zija, atalizanso kale jenereta ndipo anandibweretsera maikolofoni akuthamanga.

"Bezi ndi ntchito," ndinatero, mawu anga akumveka mpaka kumunda wa fodya.

"Ya chiyani?" anafunsa Gome.

"Ya manja."

Anadzuka, anavula jekete, anakatenga bezi yake. Anangogwedeza zala ziwiri zomwe zija, du-du-du, ndipo bwalo lonse linanyamuka, akuchimuna ndi akuchikazi omwe. Choipa kwambiri n'chakuti mapazi anga omwe anayamba kuvina okha, ndipo ndinadana nawo. Ukwati unakoma, anthu amaukambabe. A Ndhlovu aakulu mpaka lero amauza aliyense kuti mkweni wawo wa ku boma ndi mwana waulemu, anawabweretsera chopondapo chabwino, kungoti chinali chofooka. Nthawi iliyonse tikapita kumudzi amandifunsa kuti chachitsulo chibwera liti.

Mapedulo otsalawo ndi aja mukuwaona kuseri kwa khitchini, ndipo nkhuku zimawaponda mofatsa kuposa mmene ndinkachitira ine. Gome anabwerera mu bandi, ndipo akanena kuti ndikuthamanga ndimati yewo. Ndinaphunzira, ndithu. Kungoti masiku ano naye Mzondi wayamba kunena kuti ndikuthamanga, ndipo Che Amidu anandiuza kuti kuli kabokosi kena koimba ng'oma kokha popanda munthu. Ine ndinangofunsa mtengo, basi, kufunsa si kugula. NyaNdhlovu atamva anangotuluka kukasunthira nkhuku mbali imodzi, akuti akukonzeratu malo a kabokosiko.