Nyutirino za mu Ufa wa Soya

Ndili ndi nkhani yabwino moti ndikulephera kukhala pansi, koma kuti ndifike pabwinopo ndiyenera kudzera pa manyazi amene atsikana a Folomu 3 pasukulu yathu ku Bembeke adzafa nawo akuseka.

Lolemba lina pa asembule, a Sisitere, omwe ndi ahedi athu, analengeza kuti kukubwera a Dokotala Nangondo, amene anaphunzira pompano kalekale koma akugwira ntchito kunja. Akuti alemba mapepala ambirimbiri a kafukufuku, moti akatswiri akamatsutsana za nyutirino salephera kutchula dzina lawo. Chachikulu n'chakuti adzasankha mtsikana mmodzi woti azimutumizira mabuku ndi kumuthandiza mpaka akafike ku yunivesite.

Ine ndinali kumzere wakumbuyo, mphepo ya Juni ili m'makutu. Ndinamva kuti nyutirishoni.

Mtima unangoti myaa, poti pa Homu Ekonomikisi palibe amandiposa. Ndinathamanga kukapempha kuti mawu olandirira mlendo ndidzayankhule ine. A Sisitere anavomera, akudabwa kuti sayansi ndayamba kuikonda liti.

Ndinakafunsako a Phiri, aphunzitsi a fizikisi, ndipo ndinawapeza ali pachangu. Anati zinthuzo zilipo za mitundu itatu, pachizungu amati mafuleva. Basi, magulu atatu a zakudya! Anati zambiri zimachokera kudzuwa. Ine mumtima, vitamini D ameneyo. Atayamba zoti kafukufuku wake amachitikira m'chithanki cha madzi oyera mbee, ndinathokoza n'kumapita. Za ukhondo wa kukhitchini andiuze ndani?

Kunyumba amayi atamva, anakazinga soya, kukagayitsa, n'kundipatsa kathumba koti adokotala akaone ngati phala lake lingapose la kuchipatala.

Tsikulo holo inadzaza. Ndinaima kutsogolo, yunifolomu yosita, kathumba m'manja. Ndinawathokoza adokotala chifukwa cha mapepala awo amene apulumutsa ana ambiri ku matenda otupikana. Ndinati ife a ku Dedza nyutirino timalima tokha, vuto ndi kaphikidwe. A Phiri anayamba kutsokomola. Ndinaganiza kuti ndi chimfine, ndiye ndinakweza mawu.

Pomaliza ndinapereka ufa uja mwaulemu, manja awiri.

"Adokotala, kodi nyutirino zimachuluka mu soya kapena mu nyemba?"

Mnzanga Agnesi anaphulika ndi kuseka, ena onse n'kutsatira. A Sisitere anabisa nkhope m'manja.

Adokotala anapukuta misozi n'kuyang'ana kathumbako.

"Mwana wanga, mu soya wakoyu muli nyutirino, sunaname. Koma sizikhalamo. Zikungodutsa."

Anafotokoza kuti ndi tinthu tating'ono kuposa atomu, tosaoneka, ndipo nthawi yomweyo tinali kudutsa mwa ine, mwa a Sisitere, m'phiri la Dedza, n'kukatulukira kuseri kwa dziko osaima paliponse.

Munthu wanzeru akanakhala pansi. Ndinadziwa kuti mabuku apita, yunivesite yapita, chatsala ndi dzina lonyozera. Koma pakamwa panga sipanamve.

"Nanga ngati tinthuto sitiima, inuyo mumatigwira bwanji?"

Atsikana anasekanso, koma adokotala ayi. Anati funso limenelo ndi limene lawakhalitsa zaka zambiri mu mgodi wakuya, pafupi ndi chithanki chija, kudikira kuti kamodzi mwa tosawerengeka kagunde madzi n'kuthwanima pang'ono. Kenako anafunsa a Sisitere dzina langa. Ndinaganiza kuti akufuna andilembe m'buku la chilango.

Lero kalata yafika. Andisankha ine! Ine ndemwe! Yabwera ndi buku lonenepa la fizikisi, ndipo alemba kuti munthu wolakwitsa molimba mtima n'kufunsabe ndi amene amamufuna pantchito yawo. Agnesi akunditchula kuti Nyutirishoni, koma aitane mpaka atope.

Ndathamanga njira yonse osapuma kukauza amayi. Ndawapeza akukumba mbatatesi, ndipo afunsa kuti kodi kwenikweni ndikaphunzira chiyani. Ndawauza kuti za tinthu tosaoneka, timene timadutsa pamudzi pano tsiku lililonse osaima, osasiya kanthu.

Atsamira khasu, aganiza pang'ono.

"Ooh, ndiye ukaphunzira za aphungu athu. Chiwavotereni timangomva kuti adutsa. Ukawagwira udzatiuze."

Chomwe ndatolapo n'chakuti mawu achizungu akamafanana koyambirira, ndi bwino kudikira afike kumapeto musanakazinge soya.