A Zacarias ndi Mabinokulo Awo Atatu

Ku Tsangano konse kunalibe munthu wodziwa kusankha binokulo ngati malemu a Zacarias Chimtengo a m'mudzi wa Mphande. Ena amatchuka ndi kulima kachewere, ena ndi kumwa kachasu. Iwo anatchuka ndi kusuzumira m'timagalasi tija tokokera zakutali pafupi, kenako n'kupukusa mutu kuti iyinso njachabe. Ankadzitcha mlenje. Mfuti yagogodera anali nayodi, zikopa za agwape zinalimo m'nyumba, koma akazi awo a Gertrudes ankanena poyera kuti zikopazo anazipeza pokwatiwa, ndipo m'zaka makumi anayi sizinawonjezeke.

Vuto linali maso. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi kupatula eni akewo. Maso a a Zacarias ankatalikitsa chinthu n'kuchipatsa mnzake. Nkhanga imodzi ankaiona ziwiri, ndipo mwa ziwirizo ankawombera imene kunalibeyo. Akabwera chimanjamanja, mlandu unkagwera binokulo.

Anali nawo atatu. Yoyamba anawasiyira Mpwitikizi wina amene ankamuperekeza kokasaka, ndipo inali yolemera ngati mwala wamphero. Yachiwiri, yaing'ono, anasinthanitsa ndi mbuzi kwa dalaivala wa lole yodzatenga kachewere. Yachitatu anaitola kudambo ili ndi diso limodzi lakufa, koma ankaiikira kumbuyo kuti lotsalalo ndi lakuthwa kuposa onse. M'mawa uliwonse, asanalowe m'tchire, pankakhala mayeso. A Gertrudes ankatumidwa kukaima pachulu kumapeto kwa munda atakweza zala m'mwamba.

"Zinayi," a Zacarias ankatero ali pakhonde.

"Ndi ziwiri, bambo a Helena."

"Ndiye kuti Mpwitikizi uja anandinamiza. Imani pomwepo, ndiyese inayi."

"Munda ukundidikira."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi. Zisanu ndi chimodzi."

"Dzanja limodzi lili ndi zala zisanu ndi chimodzi?"

Patapita zaka, a Gertrudes anaphunzira nzeru. Chilichonse chimene amuna awo atchula, iwo ankangoti "mwakhoza," n'kutola khasu lawo.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankalimba mtima kuwauza zoona: a Henrique, enifermeyiro, namwino amene boma linawatumiza kukachipatala kakang'ono ka m'derali.

"Madala, diso la munthu limakhala lobulungira ngati ndimu," anatero tsiku lina. "Lanu lili ngati dzira. Binokulo imabweretsa chinthu pafupi, koma siingawongole dzira. Mukufunika maokulo, magalasi a maso, ndiye binokuloyo muziika pamwamba pake."

"Magalasi ndi a aprofesoro ndi makalaliki. Munamvapo nguluwe itaphedwa ndi munthu wovala magalasi?"

"Nanga inu munaphapo nguluwe?"

"Imeneyo ndi nkhani ina."

Mwana anali naye mmodzi, Helena, amene anaphunzira uphunzitsi n'kutumizidwa kusukulu ina ya ku Chidzolomondo, ku Macanga. Sukulu zikatsekera, a Zacarias ankakwera pa Mwala wa Nyani, thanthwe lalikulu la pamwamba pa mudzi, kukamudikira. Pamenepo pamaoneka msewu wonse wochokera kumadzulo mpaka pamphambano, pomwe njira imodzi imakhotera ku Mphande, ina n'kupitirira kumalire a Malawi.

Nkhondo itakula, mfuti yagogodera inalandidwa, ndipo nkhanga za ku Tsangano sizinaone kusiyana kulikonse. Koma mu 1987 kunabwera uthenga woti anthu amfuti anatentha sukulu ija n'kutenga aphunzitsi kupita nawo kutchire. Za Helena panalibe wodziwa. Anthu ambiri a ku Mphande anamanga katundu kuthawira ku Ntcheu, ndipo a Gertrudes nawo anamanga wawo. Amuna awo anaumasula.

"Mwanayo akadzapulumuka adzadzera msewu uwu," anatero. "Akadzafika pamphambano adzaganiza kuti kumudzi kulibe munthu, adzapitirira. Pafunika wina womuona."

"Ndiye womuonayo ndinu?"

"Alipo wina wa mabinokulo atatu?"

A Gertrudes sanaseke. Anabweza mapoto pamalo pake. Kuyambira tsiku limenelo a Zacarias ankakwera pamwala m'mamawa, mabinokulo onse atatu ali m'khosi, n'kutsika dzuwa litapendeka.

Otsala pamudzi, poona kuti munthuyo amakhala pamwamba tsiku lonse, anamupatsa ntchito yaulonda. Anamukolekera chitsulo cha gudumu la thirakitala mumtengo kuti akaona amfuti azichiimba. Amene anapereka maganizo amenewo mpaka lero sadziwika, chifukwa aliyense amakana. Mlungu woyamba womwewo mudzi unathawa ng'ombe za a Basílio a pamudzi pomwepo. Mlungu wachiwiri unathawa azimayi asanu osenza mitolo ya udzu, imene a Zacarias analumbira kuti inali mizinga. Ulendo wina anthu anabisala kumtsinje kuyambira m'mawa mpaka masana chifukwa cha bulu. Koma palibe amene anachotsa chitsulocho. Masiku amenewo kuthawa bulu kunali bwino kuposa kudikira kuti uone ngati alidi bulu.

Tsiku limene asilikali enieni anabwera, chitsulo sichinalire, pakuti a Zacarias anawayesa mbuzi. Anali asanu ndi atatu. Anakwera pamwala n'kuwapeza madala akuyang'ana msewu ndi chida chimene pa nthawiyo chinkaphetsa munthu ngati kazitape. A Gertrudes anathamanga kuchokera kumunda. Anapeza komandanti wawo atalanda binokulo ya Mpwitikizi akusuzumiramo. Koma a Zacarias anali atapotokola diso lililonse payekhapayekha kuti ligwirizane ndi maso awo, moti munthu wabwinobwino ankangoonamo nkhungu. Komandantiyo anayesa yachiwiri, anayesa yachitatu, mutu n'kuyamba kumuwawa.

"Madala, mumaona chiyani umu?"

"Zonse, kamarada."

"Asilikali anga ndi angati apa?"

A Zacarias anawerenga mosamala, akuloza ndi chala. "Dezaseyisi. Khumi ndi asanu ndi mmodzi."

Komandantiyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anawabwezera mabinokulo onse m'khosi. "Akadzakufunsani akutchire, mudzawauze chomwecho."

Nkhani imeneyi inasekedwa mpaka ku Furancungo. Koma a Gertrudes ankaona zimene ena sankaona. Amuna awo akatsika pamwala sankadya asanafotokoze za anthu amene adutsa. "Lero kunali wina woyenda ngati iye," ankatero, nkhope ili mbee. "Wakhotera kumalire. Mwina sanali iye." Mawu akuti mwinawo ndiwo ankawasowetsa mtendere onse awiri.

Kenako linafika tsiku limene a Zacarias anatsika pamwala akuthamanga, nsapato imodzi itatsalira kumwamba, akuitana dzina la mwana wawo. Anafika pamphambano ali wefuwefu, manja atatambasula. Amene anamupeza anali a Henrique, atasenza bokosi la mankhwala pamutu, atafunda nsalu chifukwa cha chisanu. Anaima akuyang'anizana.

"A Henrique," anatero pang'onopang'ono, "ngati inu ndingakuyeseni Helena, ndiye kuti Helena ndingathe kumuyesa inu. Maokulo aja alipo?"

Analipo. Masisitere ena pothawa nkhondo anasiya katoni ya magalasi akale kuchipatalako. A Gertrudes anawaperekeza, ndipo ankanena kuti sanaonepo mlenje wofatsa chotero. Anayesa amodziamodzi kuyambira m'mawa, akuwerenga miyala ya pakhoma la tchalitchi. Amene anawakwana anali amodzi okha m'katoni monsemo: achikazi, ofiira, osongoka m'mbali ngati makutu a mphaka, okhala ndi timiyala tonyezimira.

"Ena aliwonse, a Henrique."

"Ena mulibe, madala. Diso lanu lasankha lokha."

Atawavala n'kuika binokulo pamwamba, anadandaula kuti akuona ngati akusuzumira m'bango. A Henrique anawaonetsa kuti mphira zakumaso kwa binokulo zimatalikitsa diso, ndiye wovala magalasi amazipinda. Zawozo zinali zouma ndi ukalamba, choncho anazidula ndi mpeni. Ya Mpwitikizi inapezeka kuti imakoka kwambiri moti manja akanjenjemera pang'ono, phiri lonse limavina. Ya diso limodzi sinafunikenso kuikambirana. Inatsala yaing'ono ija ya mbuzi. Kusankha kwa zaka makumi awiri kunatha dzuwa lisanafike pamutu.

Potuluka panja, a Zacarias anatembenuka n'kuwayang'ana akazi awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Gertrudes, mwakalamba liti?"

"Nthawi imene inu munkati muli ndi atsikana awiri. Lero mwatsala ndi nkhalamba imodzi."

"Ndi yokwanira," anatero, ndipo njira yonse yobwerera ankangoyang'ana masamba a mitengo ngati mlendo.

Chitsulo chinasiya kulira pachabe. Ng'ombe zinakhala ng'ombe, udzu unakhala udzu, ndipo anthu anayamba kuyamikira mlonda wawo wa makutu a mphaka. Koma walira mvula walira matope. Patatha miyezi itatu a Gertrudes anaona kuti amuna awo akuwonda, ndipo akatsika pamwala alibe chofotokoza. Tsiku lina anawatsatira komweko ndi chikho cha thobwa. Anawapeza magalasi atawaika pamwala, binokulo ili pamiyendo.

"Athyoka?"

"Ali bwinobwino. Vuto lake n'lomwelo. Kale munthu akatulukira kumlatho kuja ankakhala Helena mpaka afike pamphambano. Ndi mtunda wautali umene uja, mayi. Ndinkayenda naye, kumufunsa za ulendo, kumuuza kuti mayi ake ali moyo. Tsiku lina ndinkakhala naye kanayi. Tsopano munthu akangotulukira, ndimaoneratu kuti si iye."

A Gertrudes nawonso ankamusowa mwanayo, kumusowa kopweteka m'mafupa, koma iwo anali ndi khasu lowaiwalitsa.

"Nanga mukavula, iye n'kudutsa?"

"Ndizitsikira aliyense."

Ndipo anachitadi zomwezo. Magalasi anakawabweza m'katoni, ati wina angawafune. Aliyense wodutsa pamsewu uja, wamwamuna kaya wamkazi, wosenza nkhuni kaya wothawa nkhondo, ankakumana pamphambano ndi nkhalamba yopuma befu, yomuyang'ana pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugundana. "Pepani, ndimayesa mwana wanga," inkatero, kenako n'kufunsa ngati kumene akuchokerako sanamveko za profesora, mphunzitsi wina wamkazi wamtali, wa mpata m'mano. Ena ankatenga dzinalo kupita nalo kutali. Ambiri ankangopukusa mutu, madalawo n'kuyambanso kukwera.

Kukwera ndi kutsika kumeneko, kasanu kapena kasanu ndi kawiri pa tsiku, m'chisanu cha ku Tsangano, kunalibe thupi la nkhalamba limene likanapirira. Chibayo chinawagwira mu Julaye wa 1991, ndipo a Henrique analibe ndi jekeseni yomwe. A Zacarias anaikidwa m'manda pa Loweruka, kumapeto kwa mweziwo. A Gertrudes anayesa kukwera pamwala masiku awiri, koma mawondo anakana, ndiponso munda sukanadzilima wokha.

Helena anabwera mu 1993, nkhondo itatha, pa lole yobweza othawa kwawo kuchokera ku Malawi. Anapeza mayi ake akupalira nyemba. Atalira mokwanira, atapita kumanda n'kubwerako, anakhala pakhonde n'kufotokoza za zaka zinayi zakutchire, ndi mmene anathawira, n'kuyenda wapansi milungu itatu.

"Ndinafika pamphambano pomwepa, amayi," anatero. "Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana pa Mwala wa Nyani. Ndinati abambo akakhala kuti alipo, ali pamenepo. Nditaona kuti palibe munthu, ndinadziwa kuti mudzi unatha. Ndiye ndinapitirira."

"Unali mwezi wanji?"

"Kumayambiriro kwa Seputembala, chaka chadzana. Masamba a mitengo ya tsamba anali atayamba kufiira."

A Gertrudes anawerenga chamumtima. Milungu isanu. Anadzuka kukatenthetsa madzi oti mwana wawo asambe. Mpaka imfa yawo sanamuuze.

Ku Mphande anthu anabwerera, nyumba zinamangidwanso, ndipo msewu uja tsopano umadutsa anthu ambiri kuposa kale. Nkhani ya bulu ndi ya asilikali dezaseyisi imasekedwabe pamaliro ndi pamowa. Koma akuluakulu a pamudzi amati chinthu chimodzi sanachizolowere. Masiku ano munthu amatha kuchoka kutali, kuwoloka mlatho, kufika pamphambano, kulowa m'mudzi mpaka kuima pakhomo pako, popanda wina aliyense womutsikira kudzaona ngati ali wake.