Mphesa Zanga Zapsa Popanda Chilolezo Chanu

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu Woyang'anira Mapiri a Mphesa ndi Zikondwerero Zake,

Bwana wanga,

Ndine Etelka Dobos, mayi wachikulire wa paphiri la Bodzás, amene ofesi yanu inasankha munda wake kuti chaka chino mudzadulemo phava loyamba la mphesa. Simundidziwa, ndipo palibe chifukwa choti munthu ngati inu azivutika kudziwa anthu ngati ine. Ndalemba kuti ndithokoze, komanso kuti ndipepese m'malo mwa mphesa zanga, zimene zachita mwano waukulu zedi. Zapsa inu musanabwere.

Lamulo ndimalidziwa. Paphiri pano palibe wogwira sizasi mpaka mkulu atadula phava loyamba, belu la tchalitchi n'kulira. Kale wodulayo ankakhala mlimi mnzathu, wa matope m'nsapato, amene ankangolawa mphesa, n'kuyang'ana mitambo, n'kunena kuti mawa tiyambe. Zinali zachimidzimidzi, zopanda malipenga, zopanda wojambula zithunzi. Inu mutatenga mwambowu m'manja mwanu munatikweza kwambiri, moti mpaka lero sitinatsike kuti tikolole.

Vuto ndi mtundu wa mphesa zanga, bwana. Ndi kadarka, ndipo kadarka sinaphunzire ulemu. Imapsa mochedwa, anzake onse atakonzeka kale, koma ikangopsa siidikira munthu. Khungu lake ndi lopyapyala, mvula ikaligunda limang'ambika, kenako chuku chimalowa. Vinyo wake safiira kwenikweni, amangoyerekeza. Ndi wopepuka, wonunkhira, wothetheka pang'ono palilime, ndipo ukamuziziritsa n'kumwera msuzi wa nsomba wa tsabola wofiira, umakhululukira ngakhale mlamu wako. Mitengo yake anabzala ndi bambo anga. Ndi yaifupi, yopindikapindika, yofuna kuigwadira poidulira, ndipo ndaigwadira moyo wanga wonse popanda kudandaula kwambiri.

Wodandaula ndi mwamuna wanga Ambrus. Iyeyu amafuna vinyo wakuda bii, wodetsa mano, wa mphesa za khungu lolimba zochokera ku France, zimene aliyense akubzala masiku ano. Akanyamula tambula ya kadarka amandisuzumira kudzera m'vinyomo n'kumati, "Taona, Etelka, ndikukuona bwinobwino mbali inayo. Vinyo wanji wosabisa ngakhale nkhope ya mkazi wako?" Chaka chatha mphesa zitaola, tinakangana mpaka mbale zinasweka, ndipo pomaliza tinapangana pamaso pa wansembe wathu, Bambo Benedek, kuti zikadzaolanso chaka chino, Ambrus adzaitane thalakitala izule munda wonse. Ndinavomera chifukwa ndinkadalira dzuwa. Dzuwalo silinandikhumudwitse, chifukwa mphesa za chaka chino zinali zokongola kuposa zonse zimene ndinaonapo. Kungoti powerengera adani a kadarka, ndinaiwala kuti kulinso ulemu wochokera ku boma.

Tsopano ndiloleni ndithokoze mwadongosolo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha liboni. Mlembi wanu, bambo Kázmér, anabwera n'kuzunguliza munda wanga wonse ndi nsalu yofiira, yaitali, yonyezimira. Chikhalire sindinaonepo munda utavala bwino chonchi. Anachotsanso chowopsezera mbalame chimene ndinachiveka jekete lakale la Ambrus, akuti chikanaononga chithunzi, poti anthu ena osalongosoka akanachiyerekeza ndi akuluakulu oima pambali panu. Mbalame zandituma kuti ndikuthokozereni. Zimabwera m'mawa uliwonse ndi abale awo, ndipo sizinayambe zasinthapo tsiku.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha tsiku loyamba lija limene simunabwere. Tinamva kuti munapita kunja kukaphunzira mmene anzathu amakololera mphesa pa nthawi yake. Tinanyadira kwambiri. Oimba malipenga, poti anali atafika kale, anadya nyama yonse imene tinakuphikirani, n'kuimba nyimbo ya fuko molunjika ku mpando wanu wopanda munthu.

Tsiku lachiwiri munalephera chifukwa cha mvula, ndipo apa pokuthokozani ndikuonjezapo kukuyamikirani nzeru. Njira ya kuphiri kuno ikanyowa si yoyenera nsapato za munthu wolemekezeka. Mvula yomweyo ndi imene inang'amba mphesa zanga, koma mphesa zilibe nsapato zoti zizidandaula nazo. Kunja kutayera ndinapita kukaona. Maphava anali atayamba kumera ubweya wotuwa, mavu ali ng'waa, fungo la viniga likumveka kuyambira kumsewu. Vendel, wa munda woyandikana ndi wanga, anatsamira pampanda n'kufuula kuti, "Mayi olemekezeka a liboni! Mwakolola kale viniga? Mutisungireko wothira m'kabichi. Zangazi zilibe changu, zikhoza kudikira abwana mpaka Khirisimasi." Zake ndi za khungu lolimba zija, ndipo mwini wakenso ndi chimodzimodzi.

Chachitatu ndi chachikulu, ndipo ndikuchilemba misozi ili m'maso, kaya ndi ya chiyamiko kaya ndi ya chiyani. Mwamutembenuza mtima mwamuna wanga. Ambrus chibadwire sanamverepo lamulo. Amawedza nsomba nthawi yoletsedwa, amaphika kachasu kuseri kwa khola, ndipo chikwangwani cha pamsewu amachiona ngati maganizo chabe a munthu wina. Koma chimangireni liboni lija, wasanduka mlonda wa boma wosalipidwa. Amanyamula mpando, mkate ndi nyama ya nkhumba yofutsa, n'kukakhala pachipata cha munda tsiku lonse. Lachinayi lapitali anandiimitsa pomwepo.

"Ukupita kuti ndi dengu, mkazi iwe?"

"Kukathyola maluwa."

"Maluwa mu Okutobala? Nanga chikutuluka m'thumba la epuloni ndi chiyani? Bweretsa sizasiyo."

"Ambrus, mphesa zikuola! Mphuno ulibe?"

"Mphuno ndili nayo, komanso ndili ndi ulemu. Lamulo ndi lamulo, Etelka. Abwana adule kaye. Ife ndife ndani?"

Ananena zimenezi atagwira chipewa pachifuwa, maso akuseka. Bambo Benedek ayesa kumukonza munthu ameneyu kuyambira tsiku la ukwati wathu osaphula kanthu, inu mwamutha osamuona n'komwe. Ndinathamangira kwa wansembeyo kukapempha kuti angoliza belu basi. Anandiyankha kuti denga la tchalitchi likudikira thandizo la ofesi yanu, ndipo anandilangiza kupemphera kuti kukhale mphepo youma.

Chomaliza chinachitika dzulo. Bambo Kázmér anabweranso kudzakonzekera tsiku lachitatu limene mwina mubwere. Atayang'ana maphava anga anagwira pamphuno n'kunena kuti, "Azakhali Etelka, izi abwana sangagwire. Komanso ngakhale zikanakhala zabwino, mtundu wake ndi wofooka, pachithunzi sizioneka." Anatsegula galimoto, n'kutulutsa mphesa zogula m'sitolo ya m'tauni, zikuluzikulu, zakuda, zochokera kutsidya la nyanja, n'kuzimangirira ndi waya pamtengo umene bambo anga anabzala. Choncho phiri lonse likudikira kuti mudzadule phava limene linadulidwa kale ndi munthu wina kudziko lina. Chonde mudzasamale ndi wayayo, angakubunthitsireni sizasi.

Bwana, nthabwala zandithera. Zikundiwawa. M'mawa uno ndalowa m'mundamo mokwawa pansi pa liboni, Ambrus akusinza, ndipo ndayenda mzere ndi mzere osapeza phava loti n'kuika m'dengu. Ndangokhala pansi pakati pa mavu. Mitengo imeneyi inapirira chisanu, matalala, nkhondo ndi mwamuna wanga, ndipo chaka chino inachita zonse zimene mtengo ungachite. Ambrus wapambana, ndipo sindingamutsutse, chifukwa ndinalonjeza pamaso pa wansembe. Waimbira kale foni mwini thalakitala. Ankaimba mluzu poimba foniyo.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Za phava loyamba musavutike nazonso, tumizani uthenga belu lilire kuti Vendel ndi anzake akolole. Koma nyengo yozizira ikatha, tsiku limene thalakitala idzalowe m'munda mwanga, ndikupempha modzichepetsa kuti mudzakhale mlendo wolemekezeka, mudzazule mtengo woyamba ndi manja anu. Ntchito imeneyo munaiyamba ndinu, ndipo si bwino kuti ulemu wake upite kwa woyendetsa thalakitala. Mudzabwere ndi malipenga ndi wojambula. Zitsa ndidzakusungirani mulu pafupi ndi msewu, pouma, poti nsapato zisade. Ndipo mukadzatanganidwanso, musadzade nkhawa ngakhale pang'ono. Zitsa siziola msanga, zidzakudikirani.

Ine wanu wogwada, ngakhale choti ndizichigwadira chatha,

Etelka Dobos
Paphiri la Bodzás, kuseri kwa liboni