Sopo wa Mafuta a Ng'ombe

Lolemba
Sopo wakwera mtengo, wasanduka m'bale wa ku Joni: timangomva za iye. Fodya wa bambo a ana sanagulidwebe. Lamulungu likubwerali ndikuvekedwa m'gulu la amayi a ku mpingo, ndiye apongozi andibwereka bulauzi yawo yoyera. Yakhalitsa m'sutikesi mpaka yachita chikasu. Ndi imene akusungira kudzaikidwa nayo m'manda, andiuza kawiri konse. Ndiichapa ndi sopo wopanga ndekha. Zofunika: mafuta a ng'ombe, phulusa la zitsononkho, mphika, kulimba mtima.

Lachiwiri
Wopha ng'ombe pa Champhira wandipatsa mafuta aulere, a dzana. Ntchentche zandiperekeza mpaka pakhomo. Chidulo chikudontha m'chitini chobowola. Muyeso sindikuudziwa, poti mayi amene ankandifotokozera mu minibasi anatsikira pa Jenda asanamalize.

Lachitatu
Ndikutakasa chiyambire m'mawa. Utsi, misozi, chithuza pachala. Agalu a mudzi wonse akhala mozungulira, mwaulemu ngati pa maliro. Apongozi asuzumira mumphika: "Kasi ni sopo panji ni dende?" Sopo kapena ndiwo, nanenso sindikudziwa.

Lachinayi
Sakuuma! Wangoti phalaphala m'zikombole. Ndayesera pa mbale: inali yakuda, tsopano ndi yakuda komanso yoterera. Thovu lilipo ndithu, ukayang'ana ndi chikhulupiriro.

Lachisanu
Mlamu wanga akuti ndingogula kachidutswa ka sopo pa okala. Ine, nditavutika chonchi? Ndachapa bulauzi ndi wanga yemweyu. Chikasu chilipobe, tsopano chili ndi mawanga a mafuta. Ikununkhira kanyenya. Ndatsukuluza mpaka manja kusupuka. Pachingwe agalu akuidumphira, ndiye ndayanika m'nyumba, pafupi ndi matumba a chimanga.

Loweruka
Makoswe.
Kolala yapita. Mkono wakumanzere wapita. Pamsana pali bowo lolowa chibakera. Ndili ndi mantha. Telala wa pa Embangweni waitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera osatchula ngakhale mtengo. Pobwerera ndagula sopo wa m'sitolo. Wochapira chiyani, kaya.

Lamulungu
Anzanga akuvekedwa, nyimbo zikumveka mpaka kuno. Ine ndagwada pakhonde pa apongozi, bulauzi ili m'manja. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Ayi, angoiyang'ana, aipinda bwinobwino n'kuibwezera m'sutikesi. Ina alibe, ndipo ndi chifuwa chimene akudwalachi sindikuona ngati adikira ndalama za fodya. Manyazi andigwira, misozi ikungotsika yokha.
"Mbwenu mudzandiveke yomweyi, bowo lidzakhale pansi," akutero. "Wondisambitsa mudzakhale ndimwe. Kweni na sopo wa ku sitolo."