Chimera cha ku Highfields

Lolemba, 13 Novembala 2006

Pa TV mzungu wina wandevu akuti anthu akalekale anasiya kuyendayenda n'kuyamba kulima chifukwa cha mowa, osati buledi. Mowa! Ndiye kuti amalume anga aja tinkawanena uchidakwa anali patsogolo pa chitukuko?

Loweruka kuli chinkhoswe cha Tadala, mwana wa mlongo wanga. Malume wake kuno ku England ndine ndekha. Ndalonjeza kale akuchimuna masese enieni, ofulula ine. Ngati anthu opanda ngakhale machesi ankatha, ine wa ketulo ndi hita ndingalephere?

Zofunika: mawere, ndowa, chiguduli, ufa. Komanso kudziwa kafululidwe kake. Izo ndifunsa.

Lachiwiri

Mawere ndawapeza pagolosale ina ku Spinney Hill, konkuno ku Leicester. Mwini wake: "Mukuweta mbalame?"

Ndawanyika m'bafa. A Tembo, Mzambia amene ndimakhala naye nyumba imodzi kuno ku Highfields, apita kuntchito osasamba. "Mudala, ni vichani ivi?" Ndawauza kuti ndi mbiri ya anthu. Sanaseke.

Koma woyamba kunyika mbewu uja ankafunanji? Kapena inangomunyowera mvula, n'kumva chisoni kutaya?

Lachitatu

Ndaimbira mlongo wanga kumudzi. Waseka mpaka khadi ya foni yangotsala pang'ono kutha. "Achimwene, inu mowa mumaudziwa ukakhala m'chipanda basi." Akuti ndifunditse mawere m'chiguduli chonyowa, pamalo ofunda, ndiziwaza madzi mpaka amere. Chimera n'chimenecho. Kenaka kuyanika padzuwa, kusinja. Dzuwa lake liti?

A ejensi yondipezera ganyu aimba, kuli shifiti ku Derby. Ndakana. Ndikachoka awaze madzi ndani?

Lachinayi

Zii. Palibe ndi kamodzi komwe katulutsa mchira.

Pa hita: auma. Pansi: azizidwa. Kadzuwa katangosuzumira ndawatulutsa kuseri kwa nyumba kuti awothe. Kulowa kukatereka tiyi, kubwerako, nkhunda za Leicester yense zili pamsonkhano! Ndathamangitsa ndi mopu, amayi apafupi akundiyang'ana pawindo.

Tsopano ndayamba kumvetsa. Mpanda unayamba chonchi. Galu wolondera naye chonchi. Mwina ndi ndewu zomwe.

Lachisanu

A Tembo atopa nane, chiguduli cha mawere achiponya m'kabati ya boila, thanki yotenthetsera madzi. Sindinalimbane nawo. Chinkhoswe ndi mawa.

Njira yachidule: phala la ufa, shuga, yisiti wa buledi. Pofika masana chivundikiro cha ndowa chadumpha chokha, thovu lili mbwee pakapeti. Fungo lake, Ambuye! Komabe chikuwira, ndiye kuti china chake chikuchitika. Ndalawa. Sindinena kanthu.

Loweruka

Ndowa pamiyendo, m'basi. Mpando wapambali panga sanakhalepo munthu.

A Banda, amalume a mwamuna, achokera ku Nottingham ndi ludzu la zaka zambiri. Amwa. Atseka maso. Ameza movutika, n'kuika kapu pansi mwaulemu. "Amalume, madzi akuno ndi ovuta."

Bola akanandinyoza. Tadala wayang'ana pansi, ine manyazi andigwira mpaka m'makutu. Anthu amwa zam'zitini za pashopu yapakona. Chinkhoswe chayenda bwino, ukwati uliko mu Epulo. Ndowa ndabwerera nayo yodzadza.

Lamlungu

Ndatsegula kabati ya boila kuti nditaye chiguduli. Amera! Timichira toyera tili waa, kafungo kake ka kumudzi kenikeni. Ndakhala pansi pomwepo, misozi ili lengelenge. Anangofuna mdima, kufunda, ndi kuti ine ndiwaleke.

A ejensi aimbanso: ntchito ku Northampton, chipinda chiliponso. Chifikireni m'dziko muno ndakhala wa chikwama paphewa, komwe kwaitana shifiti ndi kwathu. Lero ndati ayi. Chimera chiyanikidwe, chisinjidwe, ndipo a Banda akubweranso mu Epulo.

Mzungu wandevu uja sananame, koma anaiwala kunena chinthu chimodzi. Munthu umakhazikika kaye, mowa usanaulawe n'komwe.

A Tembo akufunsa kuti bafa ndilifunanso liti.